Kusankha masewera a patebulo oti banja lonse lisewere pa chionetsero cha masewera

Akupatsani matebulo angapo pa chionetsero cha masewera, kaya ndi mu holo ya tchalitchi ku Area 18, m'kalasi ku Kawale kapena m'chipinda chachikulu ku City Centre, ndipo okonza anena kuti mbali yanu ndi ya mabanja. Ndiye kuti kukubwera mayi wobereka mwana kumbuyo, wina wa Sitandade 2 atamugwira padzanja. Kukubwera bambo amene angokokedwa ndi ana, mtima wawo uli ku mpira. Kukubweranso agogo amene pa bawo palibe angawathe mu holo yonseyo, koma bokosi la masewera otchedwa Carcassonne sanalionepo chibadwire. Posankha masewera, anthu oti muwaike patsogolo ndi amenewa. Achinyamata ozolowera kale adzadzipezera okha pokhala. Amene akufuna thandizo lanu ndi uja waima chapatali, manja kumbuyo, akudzifunsa ngati zimenezi zikumukhudza.

Masewera amene amakoma kwa munthu woti wawasewera chaka chonse si amene angakope banja lokhala ndi ola limodzi lokha lisanathamangire minibasi. Ndiye bokosi lomwe mumalikonda kwambiri lidikire kaye, tiyambe ndi izi.

1. Dziwani malo, nthawi ndi anthu musanakhudze bokosi

Pitani mukaone malowo ndi maso anu. Funsani okonza nthawi yotsegulira ndi yotsekera, kuchuluka kwa matebulo ndi kukula kwake, ngati pali mipando kapena mabenchi, komanso kuti okuthandizani kuphunzitsa alipo angati. Funso lomalizali ndiye lalikulu. Tebulo lililonse la masewera achilendo limafuna munthu wake wophunzitsa, choncho ngati mulipo atatu, musayale masewera achilendo khumi.

Mukalowa mu holomo yang'anani kudenga. Ngati ndi malata opanda siling'i, mvula ya mu Januwale ikangoyamba anthu samvana ngakhale atakhala moyandikana, ndipo masewera odalira kuyankhulana amathera pompo. Mukakhala panja, pansi pa tenti kapena pakhonde, mphepo ya mu Ogasiti imaulutsa makadi, ndiye pamenepo pamafunika masewera a zidutswa zolemera. Magetsi akhoza kuzima nthawi iliyonse, choncho masewera a tizithunzi ting'onoting'ono muwasungire tebulo la pafupi ndi zenera.

Tsiku nalo lili ndi zake. Loweruka m'mawa ena ali ku ukwati, ena ku tchalitchi. Lamlungu anthu amayamba kufika akaweruka ku mapemphero n'kudya nsima. Dzuwa likapendeka, a ku Area 25, Chinsapo ndi Likuni amayamba kuyang'ana nthawi kuti mdima usawapeze pa depoti. Mabanja sadzafika nthawi imodzi, ndipo ambiri sadzakhalitsa. Masewera anu ambiri akhale oti munthu n'kukhala pansi, kusewera mpaka kumapeto, n'kunyamuka lisanathe theka la ola.

2. Werengani zolembedwa pa bokosi, koma muzimasulire nokha

Pambali pa bokosi pamakhala zizindikiro zitatu: chiwerengero cha osewera, zaka zoyambira, ndi mphindi zomwe masewerawo amatenga. Mphindizo anawerengera anthu odziwa kale malamulo. Kwa banja loyamba kumene, ziwirikizeni kawiri n'kuonjezapo nthawi yophunzitsa. Akalemba 30, inu konzekerani ola ndi mphindi zingapo.

Zaka nazo musazitenge mmene zilili. Akalemba 8+, nthawi zina n'chifukwa chakuti pali makadi ofunika kuwerenga, ndipo kuwerengako n'kwa Chingerezi. Mwana wathu wa zaka 8 akhoza kukhala wanzeru zoopsa koma Chingerezi chowerenga mothamanga sichinakhazikike. Komanso masewera opanda zowerenga, mwana wa zaka 6 wozolowera kuwerenga njere pa bawo amawagwira msanga kuposa mmene bokosi likunenera.

Chizindikiro chimodzi chokha musachinyalanyaze: chozungulira chofiira, chokhala ndi kankhope ka mwana ndi manambala 0-3, chodulidwa ndi mzere. Chikuchenjeza kuti muli tizidutswa toti khanda likhoza kumeza n'kutsamwa. Pa tebulo la mabanja makanda sasowa, ali pamiyendo pa mayi awo, kadzanja kakufikira patebulo mayiwo maso ali pa makadi. Masewera otere muziwayala pakati pa tebulo lalikulu, ndipo wophunzitsa azikhala tcheru.

Pa chiwerengero cha osewera, kumbukirani kuti mabanja athu si a anthu anayi okha. Akafika asanu ndi awiri pa masewera a anthu anayi, muwakhazike awiriawiri, wamkulu ndi mwana mbali imodzi. Komabe m'gulu la masewera anu mukhale awiri kapena atatu olola anthu asanu ndi mmodzi kapena kuposa.

Mukaona pa bokosi kachithunzi kofiira ka chidole chosewerera ndi mawu akuti Spiel des Jahres, dziwani kuti masewerawo anapatsidwa kapena anaganiziridwa mphoto ya ku Germany yomwe inayamba mu 1979, ndipo imafunafuna makamaka masewera oyenera mabanja. Ticket to Ride anaipata mu 2004, Dixit mu 2010, Qwirkle mu 2011, Kingdomino mu 2017. Chizindikiro cha buluu ndi cha masewera a ana. Ngati mukugula osawadziwa masewerawo, chizindikirochi n'chothandiza.

3. Sefani masewera onse ndi mafunso anayi

Yalani mabokosi onse amene muli nawo, anu ndi obwereka, ndipo lililonse mulifunse mafunso awa. Lolephera awiri libwerere mu kabati.

Loyamba: kodi ndingawafotokoze m'Chichewa osapyola mphindi zitatu? Yesani mokweza, foni ikuwerenga nthawi. Munthu amene wabwera ndi ana alibe mtima womvera malamulo kwa mphindi khumi ndi zisanu. Mudzaona maso ake akupita kukhomo inu muli pakati pofotokoza. Masewera abwino a mabanja amayambika munthu atamva zinthu zitatu zokha: cholinga, zochita nthawi yake ikafika, ndi mmene masewera amathera. Zina zonse amaphunzira dzanja lili patebulo.

Lachiwiri: kodi munthu wosawerenga Chingerezi akhoza kupambana? Apa ndi pamene masewera ambiri otchuka amagwa. Agogo akafunika kuti mdzukulu aziwawerengera khadi lililonse, sakusewera iwo, ndipo chinsinsi chawo chaululika. Sadzadandaula, adzangoti "sewerani inu, ine ndizingoonera," n'kukankhira mpando kumbuyo. Scrabble ndi wabwino kwa a kusekondale, ndipo ena amati tingosewera m'Chichewa. Vuto n'lakuti bokosi la Chingerezi lili ndi zilembo 100 zogawidwa potsata Chingerezi: K ndi mmodzi yekha, Z mmodzi, W awiri, M awiri, pomwe Q ndi X alibe ntchito m'chinenero chathu. Mawu wamba ngati "kukoka" sangalembeke popanda tizidutswa topanda chilembo. Mukafuna Scrabble wa Chichewa, dulani tizidutswa ta katoni mulembe zilembo zanu, muchulukitse A, K, M, N, W ndi Z.

Lachitatu: kodi alipo amene amatuluka masewera asanathe? Pachifukwa chimenechi Monopoly ndimamuchotsa pa mndandanda ngakhale ndi amene ambiri amamudziwa. Amatenga maola, ndipo woyamba kutha ndalama kawirikawiri amakhala wamng'ono pa onse. Mwana wa zaka 7 amene watuluka pakatha mphindi 40 amakhala akulira kapena kuzungulira mu holo, mayi ake n'kusiya masewera kumulondola, tebulo lonse n'kupasuka. Sankhani masewera oti onse amafika kumapeto limodzi, kenako n'kuwerenga mapointi.

Lachinayi: kodi mwana akhoza kugonjetsa wamkulu popanda wamkulu kumulekerera? Masewera a nzeru zokhazokha amapambana wodziwa nthawi zonse. A mwayi wokhawokha amatopetsa akuluakulu. Ofunika ndi osakaniza ziwirizi, kapena odalira maso akuthwa ndi dzanja lofulumira, pomwe ana amaposa makolo awo mwachilungamo. Mwana amadziwa akamamunyengerera, ndipo kupambana kotero sikumukomera.

Poyesa mafunsowa muonenso nthawi yomwe munthu amadikira kuti mpata wake ubwerenso. Ikapyola mphindi ziwiri, ana ayamba kukwawa pansi pa tebulo.

4. Onani nkhani yomwe masewerawo akunena, ndi maso a kholo la kuno

Masewera amapangidwa kutali, ndipo chomwe kumeneko n'choseketsa kuno chikhoza kukhala chilonda. Tsegulani bokosi lililonse muone zithunzi zonse, khadi ndi khadi.

Yambani ndi nkhani ya njuga. Kwa makolo ambiri, komanso m'mipingo ina, makadi wamba aja a mfumu ndi mfumukazi ndi chizindikiro cha njuga, ndipo ena amakayikira ngakhale dayisi. Musalimbane nawo, ali ndi zifukwa zawo, ena anaona nyumba zikupasuka ndi kubetcha. Makadi amenewo musawaike pa tebulo loyamba kuonekera munthu akamalowa. Lembani pa pepala lalikulu kuti pano palibe kubetcha ngakhale K50, ndipo ngati pali mphoto, ikhale pensulo, kope kapena switi, osati ndalama. Ngati holo ndi ya mpingo kapena mzikiti, aonetseni akuluakulu a pamalopo masewerawo tsiku lisanafike.

Kenako pali masewera a gulu otchedwa Mafia kapena Werewolf, pomwe ena amasankhidwa mwachinsinsi kukhala opha anzawo "usiku," ndipo kukacha gulu limalozerana zala n'kuvotera woti achotsedwe. Achinyamata amawakonda, koma pa tebulo la mabanja asafike. M'dziko muno okalamba akhala akumenyedwa, ena kuphedwa kumene, chifukwa chonamiziridwa ufiti, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Sindingakhazike mwana pansi kuti aphunzire kuloza agogo ake chala n'kunena kuti ndinu mumapha anthu usiku, ngakhale kukhale kusewera. Momwemonso masewera omwe kupambana kwake n'kunama mopanda manyazi: mwana woleredwa bwino zimamuvuta kunamiza bambo ake maso ndi maso, ndipo bambowo sizimawasangalatsa.

Masewera ogwirizana, pomwe tebulo lonse limapambana kapena kugonja limodzi, ndi abwino kwa mabanja chifukwa palibe wonyozedwa. Awiri odziwika ndi a Matt Leacock: Pandemic, wolimbana ndi miliri, ndi Forbidden Island, wa chilumba chomwe chikumira. Koma kolera wa mu 2022 ndi 2023 anatenga anthu ambiri mu Lilongwe muno, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anasiya maliro m'mabanja ochuluka a kuchigawo chakummwera, omwe abale awo tili nawo m'makwalala athu. Mukawayala, nenani poyera kuti nkhani yake ndi yotani anthu asanakhale pansi, kuti wosafuna asankhe tebulo lina mwaulemu.

5. Yambani ndi masewera athu

Musadikire mabokosi ochokera kunja kuti mukhale ndi choyala. Tebulo lofunika kwambiri pa mbali ya mabanja ndi la bawo, ndipo likhale poonekera. Thabwa lake lili ndi mizere 4 ya maenje 8, onse pamodzi 32, ndi njere 64. Osewera ndi awiri okha, koma bawo silisowa oonerera, ndipo bambo uja anabwera mokokedwa akangomva kulira kwa njere m'maenje amasendera yekha. Chachikulu n'chakuti pa tebulo limeneli mphunzitsi si inu. Ndi agogo, ndi amalume, ndi mlonda wa pa geti. Munthu akayamba waphunzitsa ena chomwe amachidziwa, savuta kumupempha kuti, "Agogo, tsopano bwerani kuno adzukulu akuonetseni awa." Ulemu wake wasungika, ndipo amapita ku masewera achilendo ali wolimba mtima.

Pogula thabwa kwa osema ziboliboli, monga aja a pafupi ndi positi ofesi ku Old Town, lowetsani zala m'maenje muone. Matabwa ena anasemedwa kuti akongoletse pabalaza, maenje ake ndi osaya, njere zikachuluka zimasefukira mu enje loyandikana n'kuyambitsa mkangano. Sankhani la maenje akuya, olowa zala zinayi. Kwa ana ndi oyamba kumene, yambani ndi kasewero kosavuta koika njere ziwiri mu enje lililonse. Malamulo a enje lotchedwa nyumba ndi a kutakata adzawaphunzira dzanja likazolowera kufesa ndi kudya.

Drafuti safuna ndalama: katoni, cholembera ndi zitsekerero za mabotolo, ena atazitembenuza. Koma malamulo ake amasiyana malinga ndi komwe munthu anakulira, makamaka pa kudya chammbuyo ndi kayendedwe ka mfumu. Bawo nalonso n'chimodzimodzi. Gwirizanani malamulo a tsikulo, muwalembe pa pepala n'kulimata patebulo, kuti akulu awiri asakwezerane mawu ana akuona.

Ludo aliyense amamudziwa, koma amatalika, makamaka 6 akamakana kutuluka. Mufupikitseni: aliyense asewere ndi tizidole tiwiri m'malo mwa tinayi, kamodzi kayambire kunja kale. Njoka ndi makwerero ndi wa ana a zaka 4 mpaka 6, ndipo mabokosi ake 100 amawathandiza kuwerenga manambala. Tchesi mupatseni kangodya kake kachete, kutali ndi phokoso.

6. Sanjani masewera m'magulu atatu, kuyambira pakhomo kulowa mkati

Chitani ngati mayi wa pamsika amene amaika tomato wofiira patsogolo pa benchi. Pafupi ndi khomo pakhale masewera achangu, aphokoso, oti wodutsa amvetse pongoona.

Woyamba pa amenewa ndi Dobble, amene m'mayiko ena amatchedwa Spot It. Ali ndi makadi ozungulira 55, lililonse lili ndi zithunzi 8, ndipo makadi awiri alionse amafanana chithunzi chimodzi chokha. Woyamba kuchiona n'kuchitchula watenga khadi. Kuphunzitsa kwake n'kwa masekondi, osewera amafika asanu ndi atatu, ndipo ana amawaposa makolo awo. Lolani aliyense atchule m'chinenero chake, Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena Chingerezi. Zithunzi zina ndi za kumayiko ozizira, monga kanyumba ka madzi oundana, zomwe mwana wa ku Biwi alibe dzina lake, ndiye nenani poyamba kuti kuloza ndi chala n'kololedwa. Jenga, wa timatabwa 54 tosanjikiza ngati nsanja, amafuna tebulo losagwedera. Liyeseni, ngati likutsimphina liikireni kakatoni kuphazi. Uno, wa makadi oposa 100, amalola anthu mpaka khumi. Sewerani ulendo umodzi basi, woyamba kutha makadi wapambana, ndipo mugwirizaniretu ngati munthu angaunjike +2 pamwamba pa +2 mnzake, chifukwa nyumba iliyonse ili ndi lamulo lake.

Pakati pa holo pakhale a mphindi 15 mpaka 30. Kingdomino ali ndi zidutswa 48; aliyense amamanga dera lake la mabokosi 5 m'litali ndi 5 m'lifupi, kulumikiza munda ndi munda, nyanja ndi nyanja, ndipo mapointi amapezeka pochulukitsa mabokosi ndi zisoti zachifumu. Mwana wa Sitandade 4 amachita masamu osadziwa kuti akuchita masamu. Qwirkle ali ndi timatabwa 108 ta mitundu 6 ndi maonekedwe 6, tolemera bwino moti mphepo sititenga, koma pamdima mitundu ina imasokonekera, ndipo pali anthu, makamaka amuna, amene sasiyanitsa bwino zofiira ndi zobiriwira. Muikeni powala.

Amene ndimamukonda kwambiri pa gulu limeneli ndi Dixit. Makadi ake 84 ndi zithunzi zokhazokha, popanda liwu lolembedwa. Wofotokoza amasankha khadi mobisa n'kunena liwu, chiganizo kapena kuimba kanyimbo. Enawo amapereka makadi awo ofanana ndi zomwe wanenazo, kenako onse amalota kuti lake linali liti. Akanena zoonekeratu, onse alota ndipo iye sapeza kanthu. Akabisa kwambiri, chimodzimodzi. M'Chichewa masewerawa amakoma modabwitsa, chifukwa akuluakulu amaponya miyambi ndi zining'a, ana n'kumafunsa tanthauzo lake. Mayi amene anali chete pa Dobble apa ndi amene amatsogola. Muyambe mwaona makadiwo, zithunzi zina n'zonga maloto, ndipo zomwe zingaopse ana aang'ono muzipatule.

Kumapeto kwa holo kukhale tebulo limodzi kapena awiri a mabanja amene azolowera ndipo ali ndi nthawi. Carcassonne, wa mu 2000, ali ndi zidutswa 72 zomangira misewu ndi mizinda. Ulendo woyamba siyani lamulo la alimi, ndi limene limasokoneza, ndipo nthawi ikachepa chotsani zidutswa zina musanayambe. Ticket to Ride amafuna tebulo lalikulu, aliyense amakhala ndi masitima 45, ndipo ngakhale mapu ake ndi a mizinda ya ku America, chofunika n'kufananiza mitundu ya makadi ndi njanji. Catan ndi wabwino, koma amadutsa ola, amalola anthu atatu kapena anayi basi, ndipo chidole chake chakuba chimachititsa ana kulira. Apite ku mbali ya akuluakulu.

7. Yesani ndi banja lenileni tsiku lisanafike

Musayese ndi anzanu odziwa kale. Pemphani a nyumba yoyandikana nanu, pakhale mwana wa pulayimale, wachinyamata ndi munthu wamkulu amene sanasewerepo. Afotokozereni kamodzi, kenako khalani chete muone. Onani pamene akufunsa funso lomwelo kawiri, chifukwa pamenepo mafotokozedwe anu ndi opunduka. Onani amene wayamba kugwira foni. Akamaliza, chizindikiro chodalirika si mawu akuti "zinali bwino," poti anthu athu ndi aulemu, sangakukhumudwitseni. Chodalirika ndi mwana kapena wamkulu kunena yekha kuti "tibwerezenso."

Pa masewera alionse amene apambana mayesowa, lembani kapepala ka ziganizo zitatu m'Chichewa, zilembo zikuluzikulu: cholinga, zochita pa mpata wako, mathero. Okuthandizani onse asewere masewera a pa tebulo lawo kufikira atawafotokoza osayang'ana m'buku.

8. Werengani zidutswa, muzitetezenso

Masewera ena amapezeka m'mashopu akuluakulu, ena amabwera ndi abale ochokera ku Johannesburg kapena kwina, ena mumawatola mwamwayi pa kaunjika. Ogula pa kaunjika muwatsegule pomwepo, muwerenge musanalipire. Jenga woperewera timatabwa titatu amasewereka. Dobble woperewera makadi angapo amaseweranso bwinobwino. Koma Kingdomino wosowa zidutswa kapena Ludo wopanda dayisi adzakuchititsani manyazi banja litakhala kale pansi. Obwereka muwawerenge pamaso pa mwini wake, mulembe chiwerengerocho mkati mwa chivindikiro.

Tizidutswa muziike m'timapepala ta pulasitiki, mtundu uliwonse pawokha. Nyamulani madayisi apadera, nyemba kapena timiyala tolowa m'malo mwa zotayika, selotepi, mapepala ndi zolembera. Mandasi, tchipisi ndi zakumwa zikhale ndi tebulo lake, ndipo pakhomo pakhale ndowa ya madzi ndi sopo, chifukwa mafuta akalowa m'makadi sachoka.

9. Pa tsikulo

Yalani masewera onse anthu asanafike, zidutswa zili pamalo pake ngati ena angosiya kumene. Bokosi lotseka limaopseza. Thabwa loyalidwa limaitana. Banja likalowa, lonjerani akuluakulu kaye, kenako mufunse mafunso awiri: "Muli ndi nthawi yochuluka bwanji?" ndi "Wamng'ono pa onse ali ndi zaka zingati?" Mayankho awiriwa akuuzani tebulo loti muwapititse. Musawafunse kuti akufuna masewera ati, sakuwadziwa, ndipo funsolo limangowachititsa manyazi. Nenani kuti, "Mayi, tayambani ndi awa, ndi a mphindi zisanu zokha, akakukanikani tisintha."

Asiyeni asankhe okha pokhala. M'mabanja ena mkamwini ndi apongozi sakhala moyandikana, ndipo masewera ngati Dobble manja amagundana. Mukaona akuzengereza, apatseni matebulo awiri osafunsa chifukwa. Siyani mpata wokwanira njinga ya olumala pakati pa matebulo, ndipo agogo a maso ofooka muwakhazike kumene kuwala kukuchokera kumbuyo kwawo.

Pophunzitsa, sewerani ulendo woyamba makadi ali poyera, wosawerengera mapointi. Mwana akalakwitsa, musamugwirire chidutswa, mufunseni kuti, "Ukaika apa, chichitike n'chiyani?" Wachinyamata wodziwa akayamba kusewerera aliyense, mupatseni udindo wowerenga mapointi kapena mumutumize akaphunzitse tebulo lina. Ndipo mukaona kuti masewera sakuyenda, nkhope zagwa, musaumirire kuti afike kumapeto. Nenani kuti uno ndi ulendo womaliza, werengani mapointi, muwasamutsire ku Jenga kapena ku bawo.

Pa tebulo lililonse pakhale pepala loti wophunzitsa azichongapo banja likasewera, ndi chizindikiro china likapempha kubwereza. Pepala limeneli ndi lomwe lidzakuuzeni zoti mugule, mubwereke kapena musiye pa chionetsero chotsatira. Kukatsala theka la ola kuti mutseke, lekani kuyambitsa masewera aatali, tsekani matebulo akumapeto n'kuyamba kuwerenga zidutswa anthu adakalipo. Chosowa chimapezeka pansi pa benchi kapena m'thumba la kabudula wa mwana amene anachisunga osaganiza, choncho lengezani mokoma kuti makolo ayang'ane m'matumba mwa ana asanatuluke.